Nkhondo za pa tebulo ku Lusaka: mafunso amene mumatifunsa pakhomo la galaja

Loweruka masana timakumana mu galaja ina ku Chilenje. Galimoto ya eni nyumba inagulitsidwa kalekale, ndipo pamalo pake pali matebulo awiri, mipando yobwereka ndi fungo la guluu. Chitseko timachisiya chotsegula chifukwa cha kutentha, ndiye odutsa amasuzumira. Ena amaseka n'kumapita, ena amalowa, ndipo olowawo mafunso awo ndi omwewomwewo. Kuyankha uli ndi burashi kukamwa n'kovuta, choncho ndawasonkhanitsa onse pamodzi. Mayankhowa ndi anga. Anzanga angatsutse apa ndi apo, makamaka pa nkhani ya penti, pakuti imeneyo sitinagwirizanepo n'kamodzi komwe.

Kodi tizidole timeneti mumatani nato?

Timatimenyanitsa. Anthu awiri, aliyense ndi gulu lake la tiasilikali, amaima mbali ziwiri za tebulo limene tayalapo timapiri, tinyumba, mitengo ndi misewu. Palibe mabokosi ojambula ngati pa drafuti, kapena maenje ngati pa nsolo. Msilikali amayenda mtunda woyezedwa ndi tepi, tinene mainchi 6, ndipo akafuna kuwombera, mwini wake amawerama n'kusuzumira kuchokera pamutu pa kachidoleko kuti aone ngati khoma silikutchinga mdani. Zikatero, madayisi ndiwo amanena ngati chipolopolo chalasa kapena chaphonya.

Tiasilikali tambiri n'totalika pafupifupi mamilimita 28 kuyambira kuphazi kufika m'maso. Kamodzi sikafika n'theka lomwe la chala chanu chamkombaphala. Kuli tina ta mamilimita 15, ndi tina ta 6 tokhala ngati mbewu za mpunga, koma ife pano tambiri ndi ta 28. Nkhondo imodzi imatha ola limodzi kapena maola atatu. Nthawi yaikulu imathera kwina: kudula, kumata, kupala ndi kupenta kunyumba mkati mwa sabata, kuti Loweruka munthu abwere ndi chatsopano choonetsa anzake.

Abambo a ndevu zawo, si zachibwana zimenezi?

Limeneli ndi funso la azakhali anga, ndipo amalifunsa chaka chilichonse pa Khirisimasi. Ndimawayankha kuti masewerawa sanayambire kwa ana. Mu 1824, mu ufumu wakale wa Prussia, msilikali wina dzina lake Georg von Reisswitz anasindikiza malamulo a masewera otchedwa Kriegsspiel, atawongola zimene bambo ake anayamba zaka zingapo m'mbuyomo. Maofesala ankaphunzirira nkhondo pa mapu, akusuntha tizidutswa tofiira ndi tabuluu, woweruza ali pambali ndi madayisi. Mu 1913 mlembi wa ku England H. G. Wells anatulutsa Little Wars, malamulo osewerera pansi m'nyumba kapena pa kapinga, ndi timizinga ta sipuling'i toponya timitengo togwetsa asilikali. Kampani ya Games Workshop inayamba ku London mu 1975, inatulutsa masewera a tizidole a Warhammer mu 1983 ndi Warhammer 40,000 mu 1987, ndipo lero likulu lake lili ku Nottingham, mzinda umene mulinso makampani ena angapo a tizidole ngati Warlord Games.

Azakhali amamvetsera zonsezi n'kuti, "Ndiye kuti azungunso ali ndi abambo achibwana." Sindiwatsutsa. Chibwana chilimo, ndipo manyazi nacho tilibe. Madoda amene amaswera pa nsolo pansi pa mango palibe amawafunsa zaka zawo.

Nanga madayisi aja, si njuga?

Ayi. Patebulo pathu sipaikidwa ngwee, ndipo amene angayese kubetcha timamuperekeza mpaka pa geti. Dayisi limangoimira zimene mtsogoleri wa asilikali sangazilamulire, monga mfuti yokanirira kapena msilikali wogwidwa ndi mantha.

Ndipo si mwayi wokhawokha. Tinene kuti asilikali anu aponya zipolopolo 18, ndipo kuti chilase pafunika dayisi lionetse 3 kapena kuposa. Mbali zinayi mwa zisanu ndi chimodzi zimakukomerani, ndiye yembekezerani kuti 12 zilasa. Ngati kuvulaza kukufuna 4 kapena kuposa, zatsala 6. Mdani ngati wavala zodzitetezera zolimba zimene zimamupulumutsa pa 3 kapena kuposa, pa 6 paja pagwa anthu awiri okha. Wosewera wochenjera amawerengera zimenezi asanasunthe munthu. Mnyamata wina wa giredi 9 amene amabwera ndi amalume ake anamvetsa masamu a mwayi patebulo pano asanawaone m'kalasi, ndipo tsopano amatiwerengera tonse, ngakhale tisanamupemphe.

Liwu loti kitbashing mumalitchula pafupipafupi. Ndi chiyani?

M'Chichewa tilibe liwu lake, moti ena mwa ife analifupikitsa n'kumangoti kubasha. Mukagula bokosi la tiasilikali, mumapezamo mitu, mikono, miyendo ndi zida, zonse zolumikizidwa ku chimango cha pulasitiki, pamodzi ndi pepala lonena kuti ichi chimatidwe apa. Wobasha pepala lija amaliika pambali. Amatenga thupi la m'bokosi ili, mutu wa m'bokosi lina, mfuti ya kachidole ka mwana, chipewa choumba yekha, n'kutulutsa msilikali amene kulibe wina wofanana naye padziko lonse. Opanga mafilimu ankachita zomwezi kompyuta isanalowe m'ntchito yawo. Zombo za m'mlengalenga za mu Star Wars ya mu 1977 anazikongoletsa ndi tizidutswa tochokera m'mabokosi a akasinja, ndege ndi sitima zapamadzi, kuti ziwoneke ngati makina enieni aakulu.

Kwa anzathu a ku Ulaya kubasha ndi chinthu chimene munthu amafikapo atatopa ndi kutsatira pepala. Kuno ndi poyambira. Bokosi limodzi limatifika movutikira, ndiye palibe kachidutswa kotayidwa, ndipo chosowa timachifuna m'nyumba ndi m'misika. Poyamba ndinkaona ngati umenewu ndi umphawi wathu. Ndinasintha maganizo tsiku limene mkulu wina wa ku Matero, wokonza mawailesi, analowa kudzangoonerera. Anatenga kasinja wanga wogula, anamutembenuza uku ndi uku, n'kufunsa kuti, "Achimwene, mwapanga chiyani inu apa? Mwangomata." Sabata yotsatira anabwera ndi wake. Thupi linali mbewa yakufa ya kompyuta, nsanja ya mzinga inali chotsekera cha mafuta a kukhwapa, mzingawo unali chubu cha bolopeni, ndipo matcheni a kumawilo anali tizingwe ta pulasitiki tomangira mawaya a magetsi. Atapaka penti wobiriwira ndi dzimbiri, wanga uja anaoneka ngati mlendo.

Mkuluyo anakula akupanga galimoto za waya, monga ambirife. Amene munakulira m'komboni mukukumbukira: waya wa mpanda, mawilo a zitini za polishi wa nsapato, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Amene munakulira kumudzi ku Katete kapena ku Petauke munaumbapo ng'ombe zadothi ku dambo n'kuzigundanitsa nyanga. Diso lija loona wilo pamene ena akuona chitini, ndi lomwelo limene kubasha kumafuna. Sitinaliphunzire ku Nottingham.

Chokoma kwambiri chimabwera Loweruka. Munthu akatulutsa chatsopano m'bokosi, nkhondo zonse zimaima. Timazungulira, n'kuyamba kulota kuti chidutswa chilichonse chinachokera kuti. "Ichi n'cha laita." "Ayi, n'cha mswachi." Mwini wake amangokhala chete akumwetulira mpaka wina alase. Amene chake chatikanika tonse amamwa Maheu osalipira. Mpaka lero pali kachimphona kena kamene mapazi ake sitinawazindikire, ndipo mwini wake wakana kuulula.

Zipangizo mumazipeza kuti muno mu Lusaka?

Mabokosi enieni a tiasilikali timaitanitsa kunja. Ambiri amabwera m'chikwama cha m'bale wochokera ku Johannesburg kapena ku UK, ena timaoda pa intaneti titasonkherana anthu angapo kuti mtengo wonyamulira tigawane. Musaiwale kuwerengera msonkho, chifukwa ungakudzidzimutseni. Bokosi likafika, zotsala zake zimapita m'chitini chachikulu cha tonse, ndipo aliyense amatapamo, bola nayenso aziponyamo.

Zina zonse zili pafupi. M'masitolo a ku Kamwala muli tigalimoto, tinyama ndi tiasilikali ta ana. Kwa ogulitsa salaula ku Soweto ndi ku City Market nthawi zina kumapezeka milu ya zidole zakale, ndipo zothyoka ndizo zabwino chifukwa mtengo wake ndi wotsika pamene inu mukafika nazo kunyumba muzithyola ndithu. Okonza mafoni ndi mawailesi ali ndi zinyalala zimene kwa ife ndi chuma: timasikuluwu, tisipuling'i, mawaya opyapyala. Akalipentala a ku Kalingalinga amakupatsani utuchi mukawapempha mwaulemu. Mawashala a m'sitolo ya hadiweya ndi abwino kuimikapo asilikali, ndipo amawalemeretsa kuti asamagwe. Makadi akale a kubanki ndi tija timatsala mukachotsa SIM ndi pulasitiki wosalala wodulika bwino, woyenera zitseko ndi zishango.

Chenjezo limodzi: zidole za ana anu si salaula. Pemphani kaye.

Ndimata ndi guluu uti? Zanga zikungomatuka.

Apa ndi pamene oyamba ambiri amakhumudwira, ndipo vuto silikhala manja awo. Pulasitiki si mmodzi. Tiasilikali ta m'mabokosi ambiri timapangidwa ndi polystyrene wolimba, ndipo guluu wake, monga wa Tamiya kapena wa Revell, samata ngati phala. Amasungunula pang'ono mbali ziwirizo kuti ziwotcherane n'kukhala chinthu chimodzi. Pa polystyrene palibe womuposa. Koma mukamuika pa chitsulo, pa resin (utomoni wouma gwa umene tizidole tina timapangidwa nawo), kapena pa pulasitiki wofewa wa zidole za ana ndi zotsekera mabotolo, sagwira n'pang'ono pomwe.

Pamenepo mufunika supaguluu. Palani kaye mbali zonse ziwiri ndi sandipepa kuti zikhale zokhakhala, ndipo ikani kadontho kochepa. Wochuluka amachedwa kuuma komanso salimba. Njira ya okonza zinthu m'misika, yowaza soda wophikira pa supaguluu, imagwiranso ntchito kuno: zimauma nthawi yomweyo n'kukhala ngati mwala, ndipo zimatseka mipata. Samalani zala, chifukwa zimatentha, ndipo supaguluu musamupukute ndi thonje.

Mkono wolemera kapena mzinga wautali guluu yekha sangaugwire. Boolani kabowo mbali zonse ziwiri, lowetsani kachidutswa ka waya wa kilipi ya mapepala, kenako matani. Pa mipata ikuluikulu ndi poumba zipewa, zikwama kapena ubweya, akunja amagwiritsa Green Stuff kapena Milliput. Ife timadalira Pratley Putty, yemwe amapezeka m'mahadiweya ambiri. Mumasakaniza mbali zake ziwiri, n'kuumba ndi chala chonyowa kapena chotokosera mano. Sasalala ngati enawo pa zinthu zing'onozing'ono monga nkhope, koma pa matumba a mchenga, miyala ndi zitsulo za akasinja amakwanira.

Mpeni wake ukhale wakuthwa, ndipo muzidula cholozetsa kutali ndi thupi. Aliyense wa ife ali ndi chipsera pa chala chachikulu, ndipo aliyense anachenjezedwa.

Ndalama za Warhammer ndilibe. Ndiyambire pati?

Yambani ndi tigalimoto. Masewera a Gaslands, amene Osprey Games inatulutsa mu 2017, amaseweredwa ndi tigalimoto ta ana ta msinkhu wa Hot Wheels ndi Matchbox. Tiwiri kapena titatu takwana gulu. Mumatimata mfuti, zitsulo ndi minga, n'kumathamangitsana ndi kugundana patebulo laling'ono. Kunsi kwa kagalimoto kuli timisomali tiwiri kapena kamodzi. Mukatiboola ndi dirilo kagalimotoko kamaphwasuka, ndipo mungapente mkati ndi kunja. Pagulu pathu pali minibasi ya Hiace yokhala ndi mzinga padenga ndi kondakitala wolendewera pachitseko. Siinapambanepo, koma aliyense amafuna kuiyendetsa.

Ngati mtima wanu uli pa asilikali, malamulo oyambira a One Page Rules amapezeka mwaulere pa intaneti, ndipo salamula kuti tizidole tikhale ta kampani yakutiyakuti. Amene akufunadi dziko la Warhammer 40,000 ayambe ndi Kill Team. Imafuna asilikali pafupifupi khumi ndi bwalo la mainchi 22 kwa 30, pamene nkhondo yaikulu imafuna tebulo la mainchi 44 kwa 60 ndi mabokosi ambiri. Okonda mbiri ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ali ndi Bolt Action, imene ine ndimaikonda chifukwa cha thumba lake: madayisi a mbali zonse ziwiri amaikidwa m'thumba limodzi, ndipo amene dayisi lake latuluka ndiye amasuntha. Palibe amene amakhala chimanjamanja kudikira mnzake amalize.

Koma musagule kalikonse musanasewere kawiri kapena katatu ndi magulu obwereka. Tili nawo.

Chimene ndapanga ndekha chidzaloledwa patebulo?

Patebulo pathu, inde. Mipikisano imene Games Workshop imakonza yokha imafuna tizidole take, koma kuno si kumeneko. Timangopempha zinthu ziwiri. Choyamba, kukula kwake kuyandikire kwa chimene chikuimira, makamaka poimira pake, chifukwa mitunda imayezedwa kuchokera pamenepo. Chachiwiri, mnzanu azitha kudziwa ndi maso kuti uyu wanyamula mfuti yaikulu, uyu lupanga.

Lamulo lachiwirili linabadwa pa mkangano. Mnzathu wina anabwera ndi zotsekera mabotolo zisanu zosapenta, n'kunena kuti ziwiri ndi asilikali wamba ndipo zitatu ndi akatswiri. Nkhondo itafika pakati, chotsekera chilichonse chophedwa chinkapezeka kuti chinali wamba, mpaka wamba anafa anayi. Tinaseka, koma amene ankalimbana naye sanaseke. Kuyambira tsiku limenelo, musanaponye dayisi loyamba mumaonetsana magulu n'kulongosola chilichonse.

Kupenta sindidziwa. Ndingathe?

Mungathe, ndipo msilikali wanu woyamba adzakhala woipa. Musungeni. Wanga ali ndi maso ngati a kadzidzi ndipo amakhala pa shelefu mu galaja kuti alendo alimbe mtima.

Tsukani kachidole ndi sopo wa mbale, kaume, kenako kapopereni penti woyambira, wakuda, woyera kapena wotuwa. Popanda ameneyu penti wina amakanganuka. Gwiritsani penti wa acrylic, ndipo musungunuleni ndi madzi pang'ono: kupaka kawiri mopyapyala kumaposa kamodzi kokhuthala, komwe kumakwirira nkhope ndi mabatani. Mukatha, pakani penti wakuda kapena wakhofi wamadzimadzi kwambiri kuti alowe m'makwinya, mithunzi ituluke yokha. Pomaliza tengani burashi yakale, iviikeni mu penti wowala, ipukuteni pa pepala mpaka itatsala pang'ono kuuma, n'kusesa nayo pamwamba. M'mbali monse mumawala. Ndi njira zitatuzi gulu lanu lidzaoneka bwino kwa munthu woima pambali pa tebulo, ndipo ndi pamene anthu amaonera.

Nyengo ya Lusaka ili ndi mawu ake pa nkhaniyi. Mu Okutobala penti amauma ali pa burashi. Mankhwala ake ndi kambale: ikani siponji yonyowa m'chitini cha majarini, yalani pepala lophikira makeke pamwamba, ndipo penti muzimuika pamenepo. Amakhala wamadzi maola ambiri. Mu Ogasiti ndi Seputembala mdani ndi fumbi, choncho vundikirani zimene zikuuma. M'dzinja musapopere penti kapena vanishi mvula itangokata, chifukwa chinyezi chimasiya nkhungu yoyera pa kachidole kamene mwavutika nako sabata yonse. Za magetsi mukuzidziwa kale. M'chaka cha chilala cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, ambirife tinaphunzira kupenta m'mawa pakhonde, ndipo tinapeza kuti dzuwa limaonetsa mitundu moona kuposa babu.

Mukalakwitsa, viikani kachidoleko mu spiriti kapena mu Dettol, kenako kachapeni ndi mswachi wakale. Acetone, uja wochotsera penti wa zikhadabo, amasungunula pulasitiki. Musayese.

Za khungu ndinenepo pang'ono, chifukwa malangizo ambiri akunja amaganiza kuti msilikali aliyense ndi mzungu. Munthu wakuda sapentedwa ndi penti wakuda. Yambani ndi wakhofi woderapo, onjezerani kofiira pang'ono, ndipo pamphumi, pamphuno ndi m'masaya muwalitse ndi wakhofi wowala. Dziyang'aneni pagalasi masana, muona mitundu imene ilipo.

Tinyumba ndi timapiri tija mumagula?

Ayi, ndipo apa ndi pamene timaposa ambiri. Katoni mukaisenda mbali imodzi, mizere ya mkati ija ndi malata enieni. Kaylite wa m'mabokosi a mafiriji ndi mapiri ndi makoma, koma mupakeni kaye guluu woyera wa matabwa, chifukwa penti wopopera amamudya. Utuchi wonyikidwa mu penti wobiriwira ndi udzu, chingwe cha khonje chomasula ndi tsekera, masamba a tiyi ogwiritsidwa kale akauma ndi zinyalala za m'nkhalango. Dothi lofiira timangosefa la panja.

Tebulo lathu lonyadira ndi komboni yathunthu, yokhala ndi tuntemba, ngalande, mpope wa madzi ndi tchalitchi cha malata. Tinaimanga anthu asanu ndi awiri m'miyezi itatu, aliyense nyumba zake. Mayi wina wa ku Kabwata anaumirira kuti pakhale chingwe choyanika zovala, ndipo anadula tizitenje ku nsalu yeniyeni. Asilikali a zaka 40,000 m'tsogolo akamabisala kuseri kwa chitenje, alendo amajambula ndi mafoni.

Bwanji simusewera nkhondo za kwathu kuno?

Timasewera, ngakhale mosamala. Nkhani zilipo zambiri. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inathera m'dziko muno: mtsogoleri wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anamva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi pa 14 Novembala 1918, ndipo anakagonja ku Abercorn, yomwe lero ndi Mbala, pa 25 Novembala. Pa nyanja ya Tanganyika, timaboti tiwiri ta Angerezi, Mimi ndi Toutou, tinalimbana ndi Ajeremani kuyambira kumapeto kwa 1915, ndipo sitima ya Ajeremani ya Graf von Götzen ndi imene pambuyo pake inatchedwa Liemba, yodziwika bwino kwa anthu a ku Mpulungu. Asilikali a Northern Rhodesia Regiment anamenya ku Tug Argan, ku Somaliland, mu Ogasiti 1940, kenako ku Burma. Mayina a Burma Road ndi Arakan muno mu Lusaka, Tug Argan ku Ndola ndi Chindwin ku Kabwe akuchokera kumeneko.

Tizidole ta asilikali akuda a nthawi imeneyo n'tosowa, ndipo tambiri n'tachitsulo todula. Kubasha kumatithandizanso apa: thupi la msilikali wa Britain wa pulasitiki, chipewa chotambalala choumba ndi putty, nkhope yopentedwa ngati ya agogo. Mnzathu wina anapanga gulu lonse motero pokumbukira agogo ake aamuna amene anapita ku Burma, ndipo saliika patebulo popanda kunena kaye dzina lawo. Titasewera za 1918, tinaikamo amtengatenga, anthu amene anasenzetsedwa katundu wa nkhondo ndipo ambiri anafera m'njira, ngakhale kuti malamulo ambiri akunja sawatchula n'komwe. Wopambana anali amene wafikitsa onyamula ake ambiri amoyo.

Nkhondo ya Angoni a Mpezeni ndi Angerezi ya mu 1898, imene inathera pa kuphedwa kwa Nsingo, mwana wa Mpezeni, sitinaiikepo patebulo. Pagulu pathu pali Angoni amene amapita ku Nc'wala ku Mtenguleni mu Febuluwale, ndipo mmodzi anati sakufuna kuona makolo ake akugwetsedwa ndi dayisi. Wina akuti kuiwala n'koipa kuposa kusewera. Nkhaniyi ikadali pakati, ndipo ine sindikuifulumizitsa.

Ndaona tina tokhala ndi nyanga. Mkhristu angasewere zimenezi?

Nkhani zopeka za Warhammer zili ndi ziwanda ndi milungu yake, ndipo n'zomveka kuti ena zimawavuta. Kachidole ndi pulasitiki wopentedwa. Palibe amene amakapembedza kapena kukathira nsembe, ndipo patebulo palibe mwambo uliwonse kupatula kuyeza ndi kuwerenga. Komabe chikumbumtima n'cha mwini wake. Mmodzi wa ife ndi mkulu wa mpingo, amangosewera za mbiri yakale ndi za tigalimoto, ndipo sitimukakamiza. Makolo amene akukayikira abwere adzakhale pampando Loweruka limodzi. Tiyi alipo.

Nanga makina a 3D printer?

Mmodzi wa ife ali nawo, ndipo amatithandiza pa mitu ndi zida zosowa. Resin yamadzi imawononga khungu, choncho pafunika magolovesi ndi malo opita mphepo, ndipo popala yolimba muzinyowetsa kuti musapume fumbi lake. Magetsi akathima pakati pa ntchito, zonse zatayika. Kwa ine, msilikali wotuluka m'makina ali wathunthu alibe nkhani yoti tizungulire n'kumalota, koma amenewo ndi maganizo a munthu wa zipsera m'zala.

Ana ndi amayi amaloledwa?

Wopenta bwino kuposa tonse ndi mayi, ndipo amene amatigonjetsa kwambiri pa tigalimoto ndi mtsikana wa zaka 13. Ana osafika zaka 12 abwere ndi wamkulu, ndipo mipeni ndi supaguluu zimakhala patebulo la akulu.

Ndibwere ndi chiyani, ndipo ndinyamule bwanji pa minibasi?

Tsiku loyamba bwerani chimanjamanja, kapena ndi chinthu chimodzi chothyoka cha kunyumba choti muponye m'chitini chathu. Madayisi, matepi ndi asilikali tikubwerekani. Timayamba 14 koloko ndipo timasiya dzuwa likamalowa, chifukwa eni nyumba ali ndi ana ogona msanga.

Mukadzakhala ndi gulu lanu, pezani chitini cha mabisiketi chachitsulo. Matani kamaginito kunsi kwa msilikali aliyense, ndipo adzaima nji ngakhale minibasi igwere m'dzenje. Ngati maginito mulibe, yalani siponji ya matiresi akale m'bokosi la ayisikilimu, n'kudulamo tizipinda. Bokosilo likhale pamiyendo panu. Kondakitala akati liikidwe kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala, kanani mwaulemu.

Ndipo musalitsegule m'basi. Ine ndinatsegula kamodzi pa Kulima Tower kuti ndione ngati mzinga sunathyoke. Amayi amene ndinakhala nawo anasuzumira, anaona tianthu makumi awiri titaima m'mizere tikuwayang'ana, anafumbata chikwama chawo n'kuti, "Mwana wanga, ine nditsikira pompano." Basi inali isananyamuke n'komwe.